Mwezi wa pa Chikwangwani

Wolemba zikwangwani amakwera pamwamba kuposa anthu ambiri, koma akafika pamwambapo nkhope imaloza kukhoma. A Burashi anakulira pa makwerero. Dzina lawo lenileni ankalikumbukira ndi mayi awo okha, ena onse, kuyambira wometa tsitsi mpaka akazi awo akapsa mtima, ankangoti a Burashi. Mumsewu wawo munalibe khoma limene dzanja lawo silinafikepo: ng'ombe yonenepa ya pa butchala, mitu yometedwa bwino ya pa shopu ya wometa, botolo la mankhwala la pa famase, ngakhale dzina la sukulu pageti. Akamayenda sankayang'ana pansi kapena kumwamba. Maso awo ankayenda m'makoma kufunafuna pamene mnzawo wina anapotoza chilembo, ndipo akapapeza ankatsonya mokondwa.

Mwana anali mmodzi, mtsikana wa kalasi yachiwiri. Anamutcha Kadontho chifukwa tsiku lobadwa anali wochepa ngati kadontho ka penti. Amake ankagwira ntchito ku bekale ndipo ankalawira, choncho woperekeza mwana kusukulu anali a Burashi. Njira yonse Kadontho anali ndi nyimbo imodzi. Akaona galu wa miyendo itatu, “Ababa, taonani.” Akaona nsapato italendewera pa waya wamagetsi, “Ababa, taonani.” Iwo ankayankha kuti, “Eya, ndaona,” maso ali pa chilembo cha wina. Akanafunsidwa chimene chimawakomera kwambiri pa tsiku lonse, akanatchula mawu a mwanawo, koma palibe anawafunsapo.

Tsiku lina poweruka, Kadontho analowa mu shedi yawo yogwirira ntchito, n'kukhala pa chitini chopanda kanthu, chikwama chikadali kumsana.

“Amadamu akuti kukhala chionetsero cha sayansi. Kalasi yathu atipatsa zakumwamba.”

“Zakumwamba? Ndiye ukafunse abusa, ine zanga ndi zapakhoma.”

“Ayi ababa. Dzuwa, mwezi, nyenyezi. Akuti aliyense akhale ndi funso lake, ndipo aliyankhe ndi maso ake. Makolo ntchito yawo ndi kugwira sizasi ndi guluu basi.”

A Burashi anaika burashi pansi. Apa ndiye panali pawo. Anayamba kuyala nzeru: mipira yopentedwa ikhale mapulaneti, ilendewere pa ulusi, dzuwa likhale lalikulu pakati, mwina awonjezere roketi ya chitini cha penti, yolembedwa dzina la sukulu m'mbali. Kadontho anamvetsera mpaka anamaliza, chifukwa anali mwana waulemu.

“Zimenezo si funso, ababa.”

“Nanga funso lako ndi liti, a pulofesa?”

“N'chifukwa chiyani mwezi umaiwala kupita kwawo kukacha?”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Mwezi ndi mlonda, mwana wanga. Dzuwa likafika iye waweruka.”

“Koma lero unalipo, pamwamba pa thanki ya madzi. Ndinakuonetsani. Munati mwaona.”

A Burashi anakanda kumutu ndi mpini wa burashi. Pa thanki ya madzi iwo ankakumbukirapo chinthu chimodzi, chilembo cha S chimene munthu wina anachilemba ngati nyongolotsi yopondedwa. Anachita kamanyazi pang'ono, ka mtundu uja kamene munthu amangokameza ndi malovu.

“Aa, uja,” anatero. “Eya.”

Amake anawapeza akadali pa nkhani yomweyo, ufa uli mbuu m'mikono. Anamva mbali zonse ziwiri atatsamira chitseko, kenako anagamula ngati munthu wozolowera kuyeza zinthu pa sikelo. Kadontho azitenga pepala tsiku lililonse. Popita kusukulu aziyang'ana kumwamba, pobwera aziyang'ananso. Akauona mwezi aujambule mmene wauonera, alembenso kuti unali pamwamba pa chiyani. Akapanda kuuona alembe kuti kulibe.

“Pepala lolembedwa kuti kulibe, ndiye anthu akaonepo chiyani?” anafunsa a Burashi.

“Akaone kuti kunalibe,” anayankha amake. “Inu ntchito yanu ndi iyi, bambo a Kadontho: mudule bolodi, mulipente loyera, mulembe funso la mwana pamwamba, mumate mapepala. Dzanja lanu lithere pamenepo.”

“Mutu umodzi susenza denga,” anatero a Burashi, n'kugwirana chanza ndi mwana wawo ngati apangana za malonda.

Ntchito inayambika. Kadontho ankadinda chekeni chabuluu papepala mwamphamvu mpaka pepala kunyezimira, n'kusiya kamalo koyera pakati. Kamalo kameneko ndiye kanali mwezi. Sikanali kozungulira bwino, sikanalinso ngati chikwakwa. Iye yekha ankati kakuoneka ngati sopo wotsala m'bafa. M'munsi ankalemba ndi zilembo zoledzera kuti pamwamba pa thanki, mawa lake pamwamba pa mtengo wa kwa adokotala. Sopoyo ankatha tsiku ndi tsiku, mpaka m'mawa wina sanaonekenso. Panatsatira mapepala abuluu okhaokha, lililonse ndi mawu amodzi aja, kulibe. Mwana analira kuti sayansi yake yafa. Amake anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, apitirize kuyang'ana.

Kenako masana ena Kadontho anabwera akuthamanga, masokosi atatsikira m'nsapato. A Burashi anali pa makwerero, akulemba dzina la shopu yatsopano ya mafoni.

“Wabwera, ababa. Koma wasamuka, tsopano uli mbali ya kudepoti ya mabasi. Taonani.”

“Eya, ndaona,” anatero, akukoka mwendo wa chilembo cha R mosapuma.

Mapepala ankakhala pa shelefu mu shedi, atapsinjidwa ndi chitini cha misomali. A Burashi ankawadutsa tsiku lililonse. Kunena zoona, ankawapweteka maso. Buluu wake anali wa mizeremizere, m'mphepete munali mopindika, pena panali chidindo cha chala cha mafuta. Koma anali atapangana, ndipo mwina akanasunga pangano akanapanda kubwera bambo wa ku famase.

Bambo ameneyu anali ndi mwana m'kalasi imodzi ndi Kadontho. Anafika ndi jumbo yodzaza mipira, kuti a Burashi ayipente ikhale mapulaneti. Za funso ndi maso a mwana iye analibe nazo nthawi. Akudikira, dzanja lake linafika pa shelefu n'kuyamba kuvundukula mapepala aja.

“Awa ndi oyeserapo penti?”

“Ndi za mwana. Za chionetsero chomwecho.”

“Ooo.” Anatembenuza pepala limodzi mutu pansi, kenako analibweza. “Aja amati make mbuu mwana mbuu, koma apa bambo sanalowemo. Dzanja anatengera ku bekale. Ndiye musamale, a Burashi. Anthu adzathamangira pa tebulo la mwana wanu, poti ndi mwana wa katswiri.”

Anaseka, ndipo choipa n'chakuti a Burashi nawonso anaseka. Wa ku famase atapita, kuseka kuja kunawatsalira pakhosi ngati fupa. Anaona m'maganizo makolo onse a mumsewu, anthu amene amawapatsa ntchito, ataima pa tebulo la Kadontho akugwedeza mitu. Anachita manyazi ndi mapepala a mwana wawo, ndipo manyazi amenewo anawatcha chikondi kuti amezeke bwino.

Kutatsala tsiku limodzi, mwana ali kusukulu, anagoneka bolodi pa benchi. Cholinga chinali kungolikongoletsa m'mphepete. Koma bolodi loyera kwa wolemba zikwangwani lili ngati nyama kwa galu. Anadzifunsa kuti thambo loyera analiona ndani, n'kutsegula chitini chakuda. Pa thambo lakuda mapepala abuluu sankakhalapo bwino. Anatsegula chachikasu. Kuyambira pamenepo dzanja linkangoyenda lokha, chifukwa mwezi linkaudziwa kale. Linali litaujambula pa resitihausi iliyonse m'tauni, pa shopu ya matiresi, ngakhale pa galimoto yogulitsa maneti a udzudzu. Unali mwezi wachikasu wopindika ngati chikwakwa, nsonga zakuthwa, ndi kanyenyezi kamodzi katakhala bwinobwino mkati mwa mphindikomo. Anandandalika miyezi kuchokera wowonda mpaka wathunthu. Pamwamba, m'malo mwa funso la mwana, analemba ndi zilembo za mthunzi kuti MAONEKEDWE A MWEZI USIKU.

Pepala loyamba analitenga osaganiza, kuti ayesere ngati chikasu chasakanizika bwino. Lachiwiri linalowa pansi pa chitini kuti benchi isade. Amene analembedwa kuti kulibe ndiwo anapita msanga, poti anaoneka opanda ntchito, ndipo ankapukuta burashi bwino kwambiri. Pofika masana a Burashi ankaimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kadontho anaima pakhomo la shedi nthawi yaitali. Anayang'ana bolodi, anayang'ana shelefu, kenako anayang'ana pansi pamene panali timipira tabuluu tofinyidwa, tonunkha thina wotsukira burashi.

“N'zokongola, ababa,” anatero ndi mawu ang'ono. “Nanga anga aja mumata pati?”

A Burashi anagwada kuti afanane naye msinkhu. Anayankhula mofatsa, mwachifundo, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene kunawawawa kwambiri pambuyo pake.

“Tamvera, mwana wanga. Mwezi suoneka masana. Chimene umaona chija ndi kamtambo. Ukakaika zimene zija anthu akakuseka, ndiye ine sindikufuna mwana wanga asekedwe. Wamva?”

“Ndamva.”

“Amadamu akakafunsa, ukanene kuti wajambula wekha. Ine ndinangogwira guluu.”

Mwana anayang'ana bolodi lija, pamene panalibe chomata n'chimodzi chomwe, n'kugwedeza mutu kuvomera. Madzulo amake atafunsa ngati zonse zamatidwa, a Burashi anayankha msanga kuti zonse zili m'malo, bolodi likuuma ku shedi. Kadontho ankangosewera ndi supuni.

Kutacha, a Burashi ananyamula bolodi pamutu, mwana akutsatira. Anadutsa thanki ya madzi, anadutsa mtengo wa kwa adokotala. Panjira panali zii. Iwo anamva kuti china chake chikusowa, koma anati ndi mantha a chionetsero.

Chionetsero chinachitika masana mu holo ya sukulu. Amake sanapatsidwe mpata ku bekale, ndiye a Burashi anapita okha, atavala shati yopanda dontho la penti. Matebulo anali m'mbali mwa khoma, mwana aliyense ataima pambali pa ntchito yake. Manja a makolo ankaoneka pena ndi pena, sikuti a Burashi anali okha pa tchimo limeneli. Mwana wa wa ku famase anaima pansi pa mapulaneti ake akutafuna kolala. Koma bolodi la Kadontho ndiye linkaitana anthu kuchokera pakhomo. Makolo ankaima n'kumati koma abale, ndipo a Burashi, ataima kumbuyo pang'ono, ankamva mtima kufufuma.

Woweruza anali mayi wamtali, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku sekondale, magalasi ake omangirira chingwe. Ankayenda ndi amadamu a kalasi ya Kadontho, ndipo gulu la ana linkawatsatira tebulo ndi tebulo. Atafika pa bolodi lakuda lija, mayiyo anagwada bondo limodzi.

“Funso lako linali lotani, mwanawe?”

Kadontho anakweza maso n'kuwerenga zilembo za bambo ake, chimodzichimodzi.

“Chabwino. Mwezi unkauona nthawi yanji?”

“Usiku.”

A Burashi ankadziwa kuti limeneli linali bodza. Mwana wawo ankagona nkhuku zikangolowa.

“Nanga kanyenyezi aka,” anatero mayiyo, chala chili pa mwezi wopindika uja, “unakaona pamenepa ndithu, mkati umu?”

Kadontho anatembenuka kufunafuna nkhope ya bambo ake pakati pa anthu, n'kuipeza. Ndipo a Burashi, munthu wamkulu wa ndevu zake, anagwedeza mutu pang'ono kumuuza kuti avomere.

“Eya, ndinakaona.”

Mayiyo sanakalipe. Anabwereka mpira umodzi pa tebulo la mapulaneti, n'kuuphimba mbali imodzi ndi chikhatho. Anafotokozera ana onse kuti mwezi ukaoneka wopindika sikuti wadyedwa. Mbali yakudayo ikadalipo, ndi mwezi womwewo, kungoti dzuwa silikuwalapo. Nyenyezi zili kutali kwambiri kuseri kwake, choncho palibe nyenyezi ingaoneke pamenepo, monga munthu sangaone nyali imene ili kuseri kwa chitseko. Ana anati ooo. Kenako kamnyamata kena ka mano oguluka kanayankhula mokweza, mosaganizira aliyense zoipa.

“Mwezi umenewo ine ndimaudziwa. Uli pa resitihausi ya kudepoti, ndi kanyenyezi kake komwe.”

Holo yonse inagwa ndi phwete. Wa ku famase anaseka mpaka kupukuta misozi. Wometa tsitsi, amene mdzukulu wake anali m'kalasi yomweyo, anatembenuka kuyang'ana a Burashi, n'kubweza maso msanga ngati waona munthu akusamba.

Amadamu sanaseke. “Kadontho, mapepala ako abuluu aja ali kuti? Aja unkandionetsa m'mawa uliwonse?”

Mwana anayang'ana nsapato zake.

“Wajambula izi ndani?”

“Ndajambula ndekha.”

“Tandiyang'ana. Ndani?”

“Ndekha, madamu. Ababa anangogwira guluu.”

“Pano palibe guluu, mwana iwe. Wayamba liti kunama?”

Mawu amene ankafunika anali amodzi, ndiponso aafupi: ndine. A Burashi anali nawo pakamwa. Anaona makasitomala awo onse atawazungulira. Anaona mwana wawo ataimirira chilili, akuwateteza ndi bodza limene anamupatsa okha. Manyazi anapha lambe. Maso awo anathawira kumene anazolowera, pakhoma, n'kuyamba kuwerenga malamulo a sukulu amene anawalemba okha chaka chatha.

Woweruza anaimirira n'kusasa bondo. Pofuna kuchotsa maso a anthu pa mwanayo, anafunsa gulu lonse funso.

“Tiyeni ndikuuzeni chodabwitsa. Mwezi umaonekanso masana, dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu ambiri sadziwa chifukwa sayang'ana kumwamba. Alipo mwana pano amene anauonapo masana?”

Ana anayang'anizana. Palibe dzanja linakwera. Amadamu anayang'ana Kadontho, kudikira. A Burashi nawonso anamuyang'ana, mtima ukupempha kuti kadzanja kaja kakwere. Kadontho anapinda manja onse awiri kumbuyo.

Gulu linasunthira pa tebulo lina. Zonse zitatha, anthu akupakira, a Burashi anawapeza amadamu pakona akusonkhanitsa mapini. Anayankhula motsitsa mawu, chipewa chili m'manja.

“Madamu, za bolodi lija. Mwana sanalakwe. Ndine ndinapenta.”

Amadamu sanasiye kutola mapini. “Ndinadziwa, bambo. Aliyense muno anadziwa, dzanja lanu lili pageti pomwepa. Amene samadziwa kuti tikudziwa ndi mwana yekha.” Anatseka kabokosi ka mapini. “Mawu amenewa mukanawanena paja, iye akumva. Pakona pano sakuthandiza munthu.”

A Burashi anatuluka pageti, bolodi lili m'khwapa, mbali yopentedwa italoza ku mwendo. Kadontho ankayenda patsogolo pang'ono. Msewu unali womwewo, koma a Burashi anasowa poika maso. Akayang'ana kumanja, ng'ombe ya pa butchala. Akayang'ana kumanzere, botolo la pa famase. Kutsogolo, pafupi ndi depoti, chikwangwani cha resitihausi chinkawadikira ndi mwezi wake wachikasu ndi kanyenyezi kake. Khoma lililonse linali ndi dzanja lawo, ndipo lero silinkawasangalatsa. Posowa kolowera, anakweza maso pamwamba pa madenga.

Unalipo. Unali pamwamba pa depoti ya mabasi, woyera, wosazungulira bwino, mbali imodzi itasungunuka m'thambo labuluu. Unali sopo wotsala m'bafa, ndendende mmene mwana anaujambulira. Anaima pakati pa njira mpaka wanjinga anawaimbira belu. Zaka zonsezi ankakwera makwerero, chinthu chili pamwamba pa mutu wawo, iwo n'kumajambula cha m'mutu.

“Kadontho,” anaitana, mawu akutuluka mosasa. Analoza ndi dzanja limene linalibe bolodi. “Taona, mwana wanga. Taona uko.”

Mwana anaima, koma mutu sanadzutse. Ankakanda dothi ndi nsonga ya nsapato.

“Ndi kamtambo, ababa,” anatero.

Anayambanso kuyenda, iwo akutsatira. Pakona ya shopu ya mafoni galu wa miyendo itatu uja anawadutsa kutsogolo, atanyamula nsapato ya munthu kukamwa. A Burashi anachepetsa liwiro, kudikira. Kadontho anamuona galuyo, anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota, koma sananene kanthu.